Ndinasambitsa Nyongolotsi ndi Sopo Wonunkhira

Pali sopo wina amene sindigula mpaka lero. Ndi wofiirira, wonunkhira ngati maluwa a pa ukwati, ndipo ndikamuona m'golosale ndimayang'ana kumbali ngati ndakumana ndi munthu amene anandionapo ndikuthawa galu. Mayi a kunyumba amaganiza kuti amandiyabwa pakhungu, ndipo ine sindinawatsutsepo (banja limalimba ndi nkhani zimene mwamuna wasankha kusamaliza). Zoona zake n'zakuti sopo ameneyo anandithamangitsira munthu ku Lilongwe. Thovu lake ndinapanga ndi manja angawa, ndikuimba kanyimbo.

Zinachitika matipate atangolowa kumene. Inu amene munabadwa pambuyo pake simungamvetse mmene mpweya unkakomera masiku amenewo. Pa geti la msika panalibenso wofunsa khadi la chipani, aliyense amene anali ndi thumba ndi pakamwa anasanduka venda, ndipo nyuzipepala zinachuluka mpaka tinasiya kuvutika ndi zokulungira usipa. Magalimoto oyera a mabungwe ankadutsa pa Salima kulowera kunyanja, aliyense akufufuza kanthu kake, wina zitsime, wina udzudzu. Ine ndinali mnyamata wosakwatira, wogula apa n'kugulitsa apo. M'mawa ndinkatenga usipa ku Senga Bay, masana ndili nawo pa boma, pobwerera ndanyamula malaya a kaunjika ndi mabatire a wailesi. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndinali ndi chiphunzitso chimodzi chimene ndinkachikhulupirira kuposa katekisimu: katundu amagulidwa ndi maso. Tomato ndinkapukuta ndi kansalu konyowa mmodzimmodzi. Chambo ndinkachiwaza madzi kuti chizioneka ngati changotuluka kumene m'ukonde. Nsapato yoboola pansi ndinkaipaka polishi pamwamba mpaka wogula azidziona nkhope.

Tsiku lina m'mawa ndili pa doko, ndikunenerera usipa kwa Che Amidu, msodzi amene ndinkamugula nthawi zonse, tinamva asodzi akuseka cha ku mathandala oyanikapo nsomba. Pakati pawo panaima mtsikana wovala thalauza. Lamulo loletsa akazi kuvala thalauza linali litangochotsedwa kumene, ndipo pa doko pathu iyeyo ndiye anali woyamba. Koma chimene chinkaseketsa asodzi si thalauzayo. Mtsikanayo ankafunafuna munthu woti azimugulitsa nyongolotsi, osati za mbedza imodzi ayi, koma zambiri, mlungu ndi mlungu. Asodzi ankamuuza kuti nyongolotsi sagula, ndi za Mulungu, akakumbe yekha. Ine nditamva kuti pali chinthu cha Mulungu chimene munthu akufuna kulipira, ndinasiya Che Amidu mtengo uli m'kamwa.

"Achemwali, mukufuna zazikulu bwanji?" ndinafunsa ngati ndili ndi sitolo yake.

"Zofanana msinkhu, zamoyo, zamphamvu. Mungathe, achimwene?"

"Ine ndinagulitsapo majuzi a ubweya pa Salima mwezi wa Okutobala."

Anandiyang'ana kuyambira ku mapatapata mpaka ku chipewa, kenaka anaseka. Anali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, ndipo poseka ankatsinzina diso limodzi ngati walawa bwemba. Basi, ine pamenepo ndinatha. Titayamba kukambirana mtengo, ine amene ndinkayambira kumwamba n'kumatsika ngati ndikuchotsedwa dzino, ndinadzimva ndikutsitsa ndekha wina asanandipemphe. Ndinatsitsa, n'kutsitsanso, mpaka iye mwini anandiletsa, ati ndisadzibere. Che Amidu, amene ankaonerera zonsezi atagwira nkhafi, anangopukusa mutu n'kunena kuti wallahi, matenda amene ndatenga alibe jakisoni.

Dzina lake anali Eneless. Anachokera ku Lilongwe, kumene ankagwira ntchito pansi pa dokotala wina wofufuza za mankhwala (osati dokotala wobaya, koma wa mabuku), ndipo anamupatsa kachipinda kuseri kwa kachipatala kena ka mishoni, kufupi ndi msewu wa kunyanja. Anandifotokozera ntchito yake ine nditakhala pa khonde ngati mwana wa Sande sukulu. Ati ana ambiri m'midzi yathu ali ndi njoka zam'mimba, n'chifukwa chake timimba timatupa miyendo n'kumaonda. Mankhwala a kuchipatala amabwera n'kutha, ndiye makolo amathamangira zimene amazidziwa: njere za papaya, nthanga za maungu, masamba a nimu, makungwa a mitengo. Koma panalibe amene anaonetsetsa kuti mwa zimenezi chogwiradi ntchito n'chiti, ndipo chongowawa pakamwa n'chiti. Pa mwana sungayeserepo. Ndiye amayamba ayesa pa nyongolotsi za m'dothi, poti thupi lake limafananako ndi la njokazo.

Ndinkamuonerera akusinja njere mu kamtondo, kuviika, kusefa, kenaka kuthira m'timbale tagalasi tondandalikidwa pa tebulo. Kambale kalikonse kanali ndi chitsamba chake. Kena kanali ndi mankhwala a kuchipatala, ndipo komaliza kanali ndi madzi okhaokha. Akaika nyongolotsi m'timbalemo ankakhala pansi ndi wotchi m'manja, kudikira kuti zifooke, n'kumazikhudza ndi singano kuti aone ngati zikadali moyo. Ine, monga munthu wodana ndi kuononga katundu, ndinafunsa chifukwa chake akutayira nyongolotsi zabwinobwino m'madzi wamba. Anandiyankha kuti kambale kameneko ndiye mboni. Zikafa m'mankhwala koma m'madzi zili moyo, ndiye kuti chazipha ndi mankhwala. Zikafa ndi m'madzi momwe, ndiye kuti ntchito yonse yagwa, palibe chimene waona. Ndinagwedeza mutu kwambiri. (Ndinkayang'ana kampata kaja. Mawu ankangodutsa ngati basi yodzaza.)

Chimodzi chokha ndinachimva bwinobwino, ndipo chinandilowa mpaka m'chiwindi. Abwana ake anamuuza kuti chitsamba chimodzi chikaonetsa mphamvu, ntchito ipitirira komwe kuno kufikira mvula ya chaka china. Zikapanda kutero, alongedze timbale take abwerere ku Lilongwe. Kuyambira tsiku limenelo panalibe munthu m'boma lonse la Salima wofunira nyongolotsi imfa kuposa ine.

Katundu woyamba ndinakamukumba ku Lifuwu, m'mbali mwa ngalande za mpunga, poti kunali chilimwe ndipo kwina konse nthaka inali gwa ngati konkire. Che Amidu ndiye anandilozera malowo. Sanandiuze kuti m'mbali mwa ngalande mumaterera. Ndinagweramo, kutuluka, kugweramonso, koma chitini sindinachitaye. Ndinapalasa njinga mpaka ku kachipatala kaja matope ali mpaka m'mawondo, ena kukhutu, patapata limodzi nditalisiya m'ngalande kuti likhale chikumbutso. Eneless atatsegula chitseko anaseka mpaka kutsamira pa felemu. Nane ndinaseka, n'kumufotokozera mmene chule anandiyang'anira ndili chagada m'madzi. Anandipatsa madzi akumwa m'kapu yake yomwe. Kenaka anakhuthula chitini chija m'beseni n'kuyamba kutsuka nyongolotsi imodziimodzi ndi madzi oyera, ndi zala zake zosalala zija.

Apo m'pamene manyazi anandigwira. Ine, mwini chiphunzitso cha maso, ndabweretsa katundu wamatope kwa munthu wovala gauni loyera, ndipo wogula ndiye akutsuka yekha! Ndinapita kunyumba ndikudzitukwana njira yonse.

Ndinayamba ndi kudzipukuta ndekha. Mu belo la kaunjika ndinasankha malaya a manja aatali amene ndikanagulitsa bwino, ndinapezamo ndi tayi wa madontho. Ndinagula sopo uja. Ndikachoka ku Lifuwu ndinkayamba ndadzera kunyumba, kusamba mpaka khungu kulira, kenaka n'kumafika kwa Eneless ndikununkhira kuyambira pa msewu. Ndinasiyanso nkhani za achule. M'malo mwake ndinkaponya timawu ta Chingerezi timene ndinatola kwa azungu a m'malo ogona alendo, tina sindinkadziwa n'komwe kumene tikuloza. Eneless anayamba kuseka mochepa. Ine ndinati ndi ulemu umene tayi amabweretsa.

Koma nyongolotsi sizinkafa mmene mtima wanga unkafunira. M'mankhwala a kuchipatala zinkagona msanga. M'zitsamba zinkangochita ulesi, kufooka pang'onopang'ono ngati munthu amene wakhuta thobwa. Eneless ankayang'ana wotchi n'kupuma mozama. Anati mwina akuviika njere nthawi yochepa, ayesa kuziyanika kaye ziume bwino kenaka aziviike nthawi yaitali. Ndinaona katoni ya timbale ili pakona, yosatayidwa, ngati ikudikira ulendo, ndipo sindinaikonde.

M'mawa wina nditamaliza kusamba, sopo ali m'manja, maso anga anagwera pa chitini cha nyongolotsi chili pa mwala. Ndinadzifunsa funso limene wamalonda aliyense wanzeru akanadzifunsa: ngati mwini katundu akuwala chonchi, katunduyo alakwanji? Ndinatunga madzi m'beseni, kupukusa sopo mpaka thovu kufika m'zigongono, n'kukhuthuliramo. Zinaphiriphitha koopsa, kudzipinda, kudzitambasula. Ine ndinati zikusangalala, kubadwa konse sizinasambepo. Che Amidu anadutsa pa mpanda ndi ukonde pa phewa, anaima, anayang'ana kwa nthawi, kenaka anandiuza kuti nyambo sasambitsa, nsomba imadya nyongolotsi ndi dothi lake. Ndinamuyankha kuti kasitomala wanga si mlamba. Anangoti Mulungu ndi wamkulu, n'kumapita.

Ndinazitsukuluza kamodzi, ndipo ndikuuzeni zoona, zinakongola. Zinawala ngati mikanda. Ndinaziika m'mbale ya enamelo yokhala ndi chivundikiro, imene ndinabwereka kwa mayi a landilodi. Zotsala za pansi pa chitini ndinazisiya momwemo ndi dothi lake kuti zikhale basela, poti aliyense amadziwa kuti basela sapukuta. Wolandira chaulere sayang'ana nkhope.

"Lero musavutike, achemwali, ndatsuka kale," ndinatero ndikutsegula mbale ija ngati ndikupereka mphatso ya chinkhoswe.

Anathokoza. Iye ankaganiza kuti ndatsuka ndi madzi, monga munthu aliyense wamutu wake akanachitira. Fungo la sopo sakanalizindikira, poti ine ndikalowa m'kachipindamo chilichonse chinkanunkhira sopo, ndi mtondo womwe. Anayamba kuika nyongolotsi zowala zija m'timbale ta zitsamba, monga mwa dongosolo lake. Pofika pa kambale ka mankhwala a kuchipatala ndi ka mboni, zowala zinali zitatha. Anatenga za basela, kuzitsuka yekha ndi madzi, n'kuikamo.

Zimene zinachitika pa tebulo limenelo sindidzaziiwala. Nyongolotsi za m'njere za papaya zinagona pasanathe nthawi, za m'nimu n'kutsatira, za m'nthanga chimodzimodzi. Zinafa kusiya za m'mankhwala a kuchipatala zikadayendayenda. Ndipo mboni inali moyo, ikusambira mwamtendere. Eneless anayang'ana wotchi, kuigwedeza, kuiika kukhutu. Tsiku limenelo n'limene anagwiritsa ntchito koyamba zitsamba zoviikidwa nthawi yaitali zija, choncho sanafunenso chifukwa china. Anandigwira mkono, apa pamwamba pa chigongono, ndi manja onse awiri. Anati tibwereze mawa kuti atsimikize. Mawa lake ndinachita zomwezo, zowala m'mbale, basela m'chitini, iyenso anandandalika momwemo, ndipo imfa inabweranso bwino lomwe.

Anafuna kukaimbira abwana ake telefoni ku positi ofesi ya pa boma, ndipo anandipempha kuti ndimuperekeze. Tinakwera minibasi yodzaza madengu a usipa. Kondakitala anatipanikiza mpando wakumbuyo, phewa langa pa phewa lake, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinakangane ndi kondakitala. Njira yonse ankalankhula. Ati akakhalitsa kuno asiya kugona m'kachipinda ka mishoni, afuna kanyumba kokhala ndi mango pabwalo. Ati akufuna adzaphunzire kupalasa bwato, ndiponso adzapite yekha ku Lifuwu akaone ngalande imene inandimeza patapata. Ati ku Lilongwe anthu amayenda ngati athamangitsidwa, kuno munthu umamva mtima wako ukugunda. Mphepo inkalowa pa zenera losweka n'kumaponya kansonga ka duku lake pa tsaya langa. Ndinkadziwa kanyumba ka mango kamene kanalibe munthu, kuseri kwa tchalitchi chathu. M'mutu mwanga ndinali nditakazira kale, kukhoma mpanda, ndi kumangapo khola la nkhuku. Ulendo wa ku boma ndauyenda kosawerengeka, koma umenewo wokha ndi umene ndinalakalaka kuti minibasi ifere panjira.

Abwana anati abwera okha adzaone ndi maso, ndipo atenga alendo awiri a ku bungwe limene linkathandiza ntchitoyo. Ine nditamva za alendo, magazi a malonda anawira. Tsiku ngati limenelo katundu yense ayenera kuwala, ndi wa kumbuyo kwa benchi yemwe. Ndinalamula kuti lero ndi basela yemwe asamba. Ndinazisambitsa zonse, kutaya madzi, kuzisambitsanso, kenaka ndinazisiya m'thovumo kuti fungo lilowerere pamene ine ndinkalimbana ndi tayi pa kagalasi. Tayiyo anandivuta. Pomwe ndinkamaliza dzuwa linali litakwera, ndipo ndinatsukuluza mothamanga, mwa dzina chabe. Ndinaona kuti sizikuphiriphitha ngati masiku ena, koma ndinati zazolowera ukhondo.

Ndinafika galimoto loyera lili kale pabwalo. Eneless anali pakhomo, nkhope ili gwa, ndipo anandilanda mbale ija osandipatsa moni. Nthawi yotsukanso panalibe, komanso ine ndinali nditamuzoloweza kuti ndimabweretsa zotsukatsuka. Abwana ake anali bambo wamfupi, wa mandala omangirira chingwe m'khosi, wofatsa ngati m'busa wopuma ntchito. Alendo aja, mayi ndi bambo, anaima chakumbuyo manja ali kumsana. Ine ndinaima pafupi ndi chitseko, chifuwa patsogolo, kuti akafunsa mwini nyongolotsi asavutike kufunafuna.

Eneless anafotokoza bwino kwambiri. Anaika nyongolotsi m'timbale tonse, nayamba kuyang'ana wotchi. Za m'papaya zinagona. Mlendo wamkazi anagwedeza mutu. Za m'nimu zinagona. Ine ndinakonza tayi. Kenaka abwana analoza ndi chala kambale komaliza. Mboni inali itagona kale. Ndikuganiza kuti inayamba ndi iyo. Nyongolotsi zinali tasa m'madzi oyera, zowongoka ngati zingwe za nsapato. Eneless anazikhudza ndi singano, sizinayankhe. Anatenga kandodo kagalasi n'kuvundula madziwo pang'ono, ndipo pamwamba panatuluka timathovu, kamodzi n'kuuluka ndithu, kudutsa pamaso pa alendo, kukaphulikira pa zenera.

Abwana ananyamula kambale ka mboni, kukafikitsa pamphuno, n'kununkhiza. Anakaika pansi. Anakweza mphuno m'mwamba n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono m'chipindamo, akununkhiza ngati munthu wofunafuna pamene pafera khoswe. Anadutsa mtondo, anadutsa alendo, anafika pa ine, n'kuima mphuno ili pafupi ndi kolala yanga.

"Achimwene," anatero mwaulemu wonse, "kodi inu ndi nyongolotsizi mumasambira bafa imodzi?"

Mukudziwa, ngakhale pamenepo sindinazindikire. Ndinayankha monyadira kuti ee, sopo ndi mmodzi, ndipo si wotchipa. Ndinawafotokozera kuti katundu amagulidwa ndi maso, kuti sindikanalola alendo olemekezeka kuona matope a ku Lifuwu. Mlendo wamwamuna anatulutsa mpango n'kuutsekera pakamwa, mapewa akugwedezeka, kenaka anatuluka panja ngati watsamwa. Abwana anavula mandala n'kundiuza mofatsa kuti nyongolotsi imapumira pakhungu, ndipo kuisambitsa sopo kuli ngati kumutseka munthu mphuno ndi pakamwa. Zanga zinkafika pa tebulo zili kale ndi phazi limodzi kumanda. Chitsamba chinkangopezerapo ulemu wa maliro a eni ake.

Eneless sanaseke. Anavula magolovesi pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, n'kundifunsa kuti ndinayamba liti. Ndinamuuza. Anafunsa za basela. Ndinamuuzanso, kuti basela sapukuta, kupatula lero. Anatseka maso. Ndinaona kuti akubwerera m'mbuyo m'mutu mwake, kudutsa telefoni ija, minibasi ija, mpaka pa tsiku limene anandigwira mkono, ndipo chilichonse chimene ankachipeza ankachitaya.

Abwana sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati cholakwa si cha munthu mmodzi, iwonso anasiya mwana yekha kutali popanda womuthandiza. Anati zitsambazo mwina zili ndi mphamvu, mwina zilibe, pakadali pano palibe akudziwa, ndipo zonse ziyambirenso. Koma ziyambira ku Lilongwe, kumene iwo angathe kuona nyongolotsi kuchokera m'dothi mpaka m'kambale. Ine ndinalowa m'malonda nthawi yomweyo. Ndinati ndizibweretsa zaulere, zamatope, ndi chule yemwe ngati akumufuna. Ndinati ndilumbira pa Baibulo kuti sindidzagwiranso sopo. Nditaona kuti sizikuyenda ndinatulutsa chida changa chomaliza, chimene sichinandikanikepo pa msika uliwonse: ndinatembenuka n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono ngati ndakhumudwa, khutu lili kumbuyo, kudikira kuti andiitane. Ndinafika pa msewu. Ndinaimanso pang'ono pa mthunzi wa nimu. Amene anandiitana ndi mayi wogulitsa zitumbuwa basi.

Nkhani inafika pa doko ine ndisanafike. Kwa nthawi yaitali asodzi ankati ndikamadutsa azibisa nyambo zawo, kuopa ndingazidzoze mafuta. Che Amidu yekha sanaseke pamaso panga. Anandiuza tsiku limene Eneless anyamuke, poti mkazi wake ankachapa ku mishoni, ndipo anawonjezera kuti munthu wolakwa amaperekeza.

Ndinalawirira ku Lifuwu, kukumba chitini chodzaza, dothi lake lili momwemo, n'kuboola timabowo pa chivundikiro. Ndikanapita choncho. Koma ndinadzera kunyumba, kusamba, n'kuvala tayi (matenda ena amatuluka ndi mwini wake). Ndinamupeza pa depoti ya pa boma, katoni ya timbale ili pamiyendo, akudikira minibasi ya ku Lilongwe kuti idzaze. Nditamupatsa chitini anatsegula, kuyang'ana, kununkhiza. Kenaka kampata kaja kanaoneka, diso limodzi n'kutsinzina.

"Izi ndiye nyongolotsi," anatero. Anatseka chitini n'kundiyang'ana tayi. "Mukudziwa, achimwene, tsiku loyamba lija munabwera ndi matope mpaka m'makutu, patapata limodzi. Ndinakalembera mng'ono wanga kuti kuno ndapeza munthu woseketsa. Kenaka munthuyo anasiya kubwera. Kunkabwera bambo wina wa tayi."

Kondakitala ankamenya chitseko akukuwa kuti Lilongwe watsala mmodzi. Eneless anapereka katoni, anaponda pa chitsulo chokwerera, koma sanalowe. Anaima choncho, phazi limodzi m'galimoto lina pansi, chitini chili m'manja, akundiyang'ana.

Tsono imvani. Ine ndakulira pa msika. Ndimadziwa kuti wogula akatembenuka kuti azipita koma n'kuima pang'ono, sakufuna kupita. Akudikira kuti umuitane, usiye zokometsera, umuuze mtengo weniweni. Mwana aliyense wogulitsa mtedza amadziwa zimenezi. Mawu anali pakamwa, a Chichewa chathu chomwechi, osavuta: musapite, kapena mukapita mudzabwerenso, kuseri kwa tchalitchi kuli nyumba ya mango. Koma tayi anali atandigwira pakhosi. Ndinaweramitsa mutu ngati kalaliki wa ku banki n'kumufunira ulendo wabwino m'Chingerezi cha ku malo ogona alendo chija.

Anagwedeza mutu kamodzi, n'kulowa. Minibasi inatuluka m'depoti, kudutsa njanji, kulowera kumtunda.

Sindinamuonenso. Ngati njere za papaya zinapambana ku Lilongwe kapena zinagwa, sindikudziwa, ndipo ana anga akatupa mimba ndimapita nawo kuchipatala. Kanyumba ka mango kaja anagula munthu wina n'kudula mangowo. Nthawi zina ndikakhala pa benchi langa pa boma, minibasi ya ku Lilongwe ikamatsitsa anthu, ndimapezeka ndikuyang'ana amayi a msinkhu wathu mmodzimmodzi, kudikira wina aseke kuti ndione mano.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kanthu. M'mawa uno ndapukuta tomato yense ndi kansalu konyowa, ndipo wayenda bwino. Anthu amagulabe ndi maso, ine sindingasinthe dziko. Kungoti kumapeto kwa benchi ndimasiyako mulu umodzi wa mbatata wosatsuka, dothi lake lili momwemo. Suyenda msanga. Mayi a kunyumba amati ndi ulesi, ndipo pamenepanso sindiwatsutsa.